Nkhope ya mdani m'mafilimu a sayansi yongopeka: mafunso ndi mayankho

Filimu yoyamba ya maloboti ndinaionera m'kachipinda ka vidiyo pamsika wa kwathu, titapanikizana pamabenchi, pakhomo atatchinga ndi chiguduli kuti amene sanalipire asasuzumire. Chingerezi sitinkamva. Tepi inali yotha, mawu ankamveka ngati munthu akulankhulira m'ndowa. Koma mdani atangotulukira, chipinda chonse chinati zii, kenako kamnyamata kena ka kutsogolo kanakuwa kuti, "Ndi ameneyo!" Panalibe wotimasulira. Maso okha ndi amene anatiuza. Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikufuna kudziwa kuti opanga mafilimu amachita bwanji kuti munthu amuope mdani asanatsegule pakamwa, komanso kuti manthawo amawatenga kuti.

Kodi maonekedwe a mdani ndi nkhope yokha?

Ayi ndithu. Pali msinkhu ndi kaumbidwe ka thupi, zovala ndi mtundu wake, kayendedwe, kuwala kumene kukumugwera, nyumba kapena chombo chimene amakhalamo, ngakhalenso pamene kamera yaima. Kamera ikakhala pansi n'kumayang'ana m'mwamba, woonera amasanduka mwana amene waima pamaso pa munthu wamkulu wokwiya.

Ntchitoyi imadutsa m'manja ambiri: wojambula papepala filimu isanayambe n'komwe, wosoka zovala, woumba zigoba, wodzoza nkhope, womanga malo, ndi wogwira kamera amene amasankha pomwe pagwe mdima. M'filimu ya apolisi ndi mbava, mbavayo ikhoza kuvala jekete la pa kaunjika, basi zatheka. Koma m'filimu ya m'mlengalenga kapena ya zaka 500 zikubwerazo, kulibe msika wokagulako zovala za dziko limenelo. Batani lililonse pali munthu amene anakhala pansi n'kuliganizira. Ojambula ali ndi kayesedwe kawo: paka chithunzi chonse utoto wakuda kuti patsale mthunzi wokha, ndipo ngati anthu akumuzindikirabe mwini wake, ndiye kuti ntchito yagwirika.

Zinayambira kuti?

Ambiri amaloza ku Germany, pa filimu ya Metropolis imene Fritz Lang anatulutsa mu 1927, nthawi imene mafilimu analibe mawu. Popeza kunalibe mawu, maonekedwe ndi amene ankalankhula. Mdani wake ndi Rotwang, katswiri wa sayansi wa tsitsi lanyankhalala, amene dzanja lake lina ndi lochita kupanga ndipo limakhala m'golovesi lakuda. Mzinda wonse ndi wa nyumba zitalizitali zamakono, koma iye amakhala m'kanyumba kakalekale kopanikizika pakati pa nyumbazo, ngati ka mfiti ya m'nthano. Ukangoona nyumbayo wadziwa kale mtima wa mwini wake.

Rotwang amapanga loboti yachitsulo yooneka ngati mkazi, imene anaiumba Walter Schulze-Mittendorff, kenako amaiveka nkhope ya mtsikana wabwino wotchedwa Maria kuti ikasocheretse anthu ogwira ntchito. M'filimu imodzi yomweyi munabadwa zinthu ziwiri zimene sizinathe mpaka lero: munthu amene wasanduka makina pang'ono, ndi makina amene avala nkhope ya munthu.

Chodabwitsa n'chakuti patapita zaka 50, maonekedwe a loboti yomweyo anatengeredwa pojambula C-3PO wa mu Star Wars, loboti yamantha, yaulemu, imene palibe mwana amaiopa. Anangoipatsa maso ozungulira, mtundu wa golide ndi kayendedwe kodzandira.

N'chifukwa chiyani Darth Vader, mdani wa mu Star Wars, amatchulidwa nthawi zonse pa nkhani imeneyi?

Chifukwa pa iye ukhoza kuona msoko uliwonse, n'kudziwa kumene chigamba chilichonse chinachokera. Ralph McQuarrie, amene George Lucas, wopanga Star Wars, anamulemba ntchito yojambula zithunzi zoyambirira, anawerenga kuti Vader ayenera kudutsa m'mlengalenga kuchoka m'chombo china kulowa m'chinzake. Anaona kuti munthu wotero akufunika chopumira, ndipo anamujambula ali ndi chigoba. Poyamba chinali chida chabe cha paulendo, koma chinaoneka choopsa kwambiri moti anaganiza kuti asamachivulenso.

Chipewa chake chimakumbutsa zinthu ziwiri: chipewa cha asilikali akale a ku Japan otchedwa samurai, ndi chipewa chachitsulo cha asilikali a Germany. John Mollo, amene anakonza zovala, anali katswiri wa mbiri ya mayunifolomu a asilikali. Poyeserera maonekedwe a Vader anasonkhanitsa zinthu zimene zinalipo kale m'nyumba yosungira zovala za mafilimu ku London: zovala zakuda za okwera njinga yamoto, chipewa cha asilikali a Germany, chigoba chodzitetezera ku mpweya wapoizoni, ndi mkanjo wa ansembe akale. Brian Muir ndiye anaumba chigoba chenichenicho. Mollo analandira mphotho ya mafilimu ya Oscar pa ntchito imeneyi.

Onani kuti mu 1977 nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inali itangotha zaka 32. Ambiri mwa oonera anali ana a anthu amene anamenya nkhondoyo. Sanafunike kuuzidwa tanthauzo la chipewa chotere, kapena la akuluakulu a asilikali ovala mayunifolomu otuwa ndi nsapato zazitali zakuda. Mantha analipo kale m'nyumba zawo, filimu inangowatola.

Thupi linali la David Prowse, wamtali pafupifupi mamita 2. Mawu anali a James Earl Jones. Kupuma kuja, kumene mwana aliyense amatha kutsanzira ataphimba pakamwa ndi manja, Ben Burtt anakupanga poika maikolofoni m'chida chopumira cha anthu osambira pansi pa madzi.

Ndiye taonani mmene Vader amalowera koyamba. Makoma a chombo ndi oyera mbee. Asilikali ake ndi oyera. Utsi wa mfuti nawo ndi wotuwa. Pakati pa kuyera konseko pakutulukira chinthu chimodzi chakuda bii, chachitali, chosafulumira, chikuyang'ana mitembo pansi ngati mlimi akuyendera munda. Sanalankhulebe, koma nkhani yatha kale.

Chimene chimandikhudza kwambiri chili mu Return of the Jedi ya 1983. Luke, mwana wa Vader, wavala zakuda, ndipo dzanja lake lina ndi lamakina, lili m'golovesi lakuda ngati la Rotwang uja. Atadula dzanja la Vader akuona mawaya akutuluka pamkono, kenako akuyang'ana dzanja lake lomwe. Popanda mawu alionse, wazindikira njira imene akuyendamo.

Nanga zigoba zimachulukiranji?

Munthu amawerenga nkhope ya mnzake asanaphunzire n'kulankhula komwe. Khanda limadziwa ngati mayi akwiya. Ukachotsa nkhope, wamulanda woonera chida chake choyamba chodzitetezera: sakudziwa ngati chinthucho chakwiya, chikumvera, kapena chaganiza kale zomupha. Ife kuno sitifunika kuphunzitsidwa zimenezi ndi anthu a ku Hollywood. Aliyense amene ali mwana anakumanapo ndi gule panjira akudziwa mmene miyendo imathamangira yokha. Gule Wamkulu ndi mwambo wolemekezeka wokhala ndi chiphunzitso chake, ndipo sindikuuyerekeza ndi adani a m'filimu. Ndikungonena kuti mphamvu ya nkhope yosaphethira tinaidziwa kalekale.

Chigoba chilinso ndi ntchito ina imene siindisangalatsa kwenikweni. Asilikali oyera a mu Star Wars amafa mazanamazana ndipo palibe woonera amene amagwetsa msozi, chifukwa alibe nkhope zoti uzikumbukire. Opanga The Force Awakens ya 2015 ankadziwa zimenezi. Atafuna kuti timvere chisoni msilikali mmodzi, amene John Boyega anasewera, anachititsa kuti mnzake amene akufa amupake magazi ndi zala pachipewa. Mizere itatu yofiira ija inali yokwanira kumusandutsa munthu pakati pa gulu, asanavule n'chipewacho.

Kodi ndiye kuti chakuda ndi choipa, choyera ndi chabwino?

Funso limeneli limatikhudza ife akhungu lakuda kuposa mmene limakhudzira amene anapanga mafilimuwa, ndipo sindilipeputsa. N'zoona kuti m'nthano ndi zojambula za ku Ulaya mdima wakhala ukuimira choipa kwa zaka zambiri, ndipo chizolowezi chimenecho chinalowa m'mafilimu. Koma mukaonetsetsa, amisiri odziwa ntchito satsatira lamulo lotere. Chimene amafuna ndi kusiyana: mdani asafanane ndi malo amene waimapo.

Asilikali a Vader ndi oyera. Mu The Matrix ya 1999 ovala zikopa zakuda ndi ngwazi. Mu 2001: A Space Odyssey ya Stanley Kubrick, ya 1968, chombo chonse n'chaukhondo ngati chipatala chatsopano, ndipo wakupha ndi kadiso kofiira pakhoma. Mu Dune: Part Two ya 2024, dziko la banja lankhanza la Harkonnen lili ndi dzuwa lakuda limene limafufuta mitundu yonse. Greig Fraser anajambula zigawo zimenezi ndi kamera yogwira kuwala kwa infrared, kumene diso la munthu silikuona. Zotsatira zake khungu la anthu limaoneka lotumbuluka ngati phula la kandulo, ndipo nsalu zina zakuda zinkatuluka zoyera pa kamera, moti osoka zovala ankayamba ayesa nsalu iliyonse. Choopsa pamenepo si mdima koma kusowa kwa mtundu uliwonse wa moyo: kulibe chobiriwira, kulibe chofiirira cha dothi.

Chilombo cha mu Alien chilibe maso. Anaiwala?

Anachita dala, ndipo kwa ine palibe chosankha china m'mbiri ya mafilimuwa chimene chinaposa chimenechi. H.R. Giger, wojambula wa ku Switzerland, anali atajambula kale chithunzi chotchedwa Necronom IV mu 1976. Ridley Scott atachiona anadziwa kuti wapeza chilombo cha filimu yake ya 1979. Giger anachotsa maso n'kusiya mutu wautali wosalala. Galu wolusa ukhoza kumuyang'ana m'maso n'kudziwa ngati wakuona. Ichi sungadziwe. Chikhoza kukhala chitakufulatira kapena chikukuyang'anitsitsa, zonse n'chimodzimodzi.

Thupi lake ndi losokoneza: nthiti ngati za munthu, mapaipi ngati a injini, khungu lonyezimira ngati lanyowa ndi mafuta, ndipo m'kamwa muli kamwa ina. Sudziwa ngati chinabadwa kapena chinapangidwa. Kutsogolo kwa mutu woyambirira, pansi pa chivundikiro choonekera pang'ono, munali chigaza cha munthu. Carlo Rambaldi wa ku Italy ndi amene anapanga makina oyendetsa nsagwada.

Koma chovala chokha sichikanatheka popanda wochivala. Scott sankafuna kuti anthu aone msanga kuti ndi munthu wavala mphira. Amene anathetsa vutoli anali Bolaji Badejo, mnyamata wa ku Lagos ku Nigeria amene ankaphunzira zojambula ku London. Anthu a filimuyi anakumana naye m'bala ina. Anali wamtali kupitirira mamita 2, wowonda, wa miyendo ndi mikono italiitali, ndipo anamuphunzitsa kuyenda mwapang'onopang'ono, mosalala. Imeneyi inali filimu yake yokhayo, ndipo anamwalira mu 1992. Ambiri amene amatamanda chilombochi sadziwa n'dzina lake lomwe.

Chomaliza, Scott anachibisa. Mumangoona mchira, mano, dovu likudontha, mthunzi pakati pa mapaipi a chombo amene akufanana ndi thupi lake. Zotsalazo maganizo anu amamaliza okha, ndipo amamaliza moipa kuposa mmene mmisiri aliyense akanaumbira.

Bwanji adani ena amaoneka ngati anthu wamba?

Chifukwa mantha amasintha ndi nthawi, ndipo munthu akakula amasiya kuopa chilombo cha kuthengo n'kuyamba kuopa munthu wa pa ofesi.

James Cameron amanena kuti ganizo la The Terminator linamubwerera m'maloto akudwala ku Rome: mafupa achitsulo akutuluka m'moto. Stan Winston anawaumba mafupawo, chigaza cha mano a munthu ndi maso ofiira. M'filimu ya 1984 chigaza chimenechi chabisala m'thupi la Arnold Schwarzenegger, ndipo nkhani ikamapita khungu limanka lisupuka mpaka chitsulo chitatsala poyera. Ameneyo ndi amene tinamukuwira m'kachipinda ka vidiyo kaja.

Mu 1991, pa Terminator 2, Cameron anatembenuza zonse. Chimphona chija chinakhala mtetezi, ndipo wakupha anakhala Robert Patrick, mnyamata wowonda, wometa bwino, wovala yunifolomu ya apolisi a ku Los Angeles. Amagogoda pakhomo mwaulemu, n'kupempha chithunzi cha mwana amene akumusaka, ndipo eni nyumba amamupatsa ndi manja awiri. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Thupi lake ndi chitsulo chosungunuka chimene chimatengera nkhope ya aliyense, koma chimene chimaziziritsa nkhongono ndi mmene amathamangira: pakamwa potseka, nkhope yosasintha, osapuma wefuwefu.

Agent Smith wa mu The Matrix ndi wa banja lomweli. Suti, tayi, magalasi akuda, kachingwe kukhutu. Kym Barrett, amene anakonza zovala, anamuveka ngati wantchito wa boma amene sungamukumbukire mawa. Ndipo pamene akuulula chidani chake chenicheni pamaso pa Morpheus, mmodzi wa ngwazi amene wamugwira, amayamba wachotsa kachingwe kaja kukhutu. Ndi kanthu kakang'ono, koma kakukuuza kuti tsopano akulankhula za mumtima mwake, osati za amene anamutuma.

HAL 9000, kompyuta yoyendetsa chombo mu 2001: A Space Odyssey ija, ndiye anafika pamapeto: alibe thupi n'komwe. Ndi galasi la kamera lofiira ndi mawu ofatsa a Douglas Rain. Pali pamene anthu awiri abisala m'kachombo kakang'ono kuti HAL asamve zimene akupangana. Kamera ikutionetsa diso lofiira lija, kenako milomo ya anthuwo ikugwedera popanda mawu. Diso silinasinthe ngakhale pang'ono, koma tadziwa kuti likuwerenga milomo.

Kodi malo amene mdani amakhala ali ndi ntchito?

Kwambiri. Star Wars imayamba ndi kachombo kakang'ono kakuthawa, kenako pamwamba pa mitu yathu pakudutsa chimchombo chosongoka ngati mkondo, chimene chimangopitirira osatha. Mu Blade Runner ya 1982 anthu wamba amakhala pansi, mumvula ndi mumdima, pamene mwini kampani yopanga anthu amakhala pamwamba pa chinyumba chonga piramidi, kumene dzuwa limafika. A Borg a mu Star Trek, zolengedwa zosakaniza thupi ndi makina, amayenda m'chombo chonga bokosi, chopanda kutsogolo kapena kumbuyo, poti kwa iwo kulibe munthu payekha. Mfumukazi yawo mu First Contact ya 1996, imene anasewera Alice Krige wobadwira ku South Africa, imatsika kuchokera kudenga ili mutu ndi mapewa okha, msana wachitsulo ukulendewera, n'kulumikizidwa ku thupi.

Amene ndimamuona kuti ali pafupi kwambiri ndi moyo wathu ndi Immortan Joe wa mu Mad Max: Fury Road ya 2015, imene mbali yaikulu inajambulidwa m'chipululu cha ku Namibia. Iye amakhala pamwamba pa thanthwe ndipo madzi onse ali m'manja mwake. Timamuona koyamba akuvekedwa: nkhalamba yodwala, ya zilonda kumsana, akuithira ufa woyera, kenako akuiveka chapachifuwa chapulasitiki choumbidwa ngati minofu ya mnyamata, chodzaza ndi mamendulo, ndi chopumira cha mano ngati a hatchi. Akatero amatuluka pakhonde, n'kutsegulira madzi anthu a pansi amene akudikira ndi timabeseni, kenako n'kutseka asanatunge n'komwe. Aliyense amene anaimapo pamzere wa pamjigo m'mwezi wa Okutobala samafunika womumasulira.

Chifukwa chiyani adani ambiri ali ndi zipsera, olumala, kapena otumbuluka khungu? Si tsankho limenelo?

Ndi tsankho, ndipo ndi ulesi. Apa ndi pamene ndimasiyana ndi amisiri amene ndawatamanda pamwambapa. Chipewa cha msilikali, yunifolomu, suti, nyumba ya pamwamba pa phiri, zonsezi ndi zinthu zimene munthu amasankha, ndipo zimanena za mphamvu ndi mmene akuigwiritsira ntchito. Koma chipsera cha moto, dzanja loduka, kapena khungu limene munthu anabadwa nalo sizinena kanthu za mtima wake. Filimu ikazigwiritsa ntchito ngati chikwangwani cha kuipa, amene amalipira ndi mwana wa chipsera amene mawa lake akupita kusukulu.

Mu 2017 madokotala a khungu ku America analemba m'magazini ya zachipatala ya JAMA Dermatology kuti pa adani 10 otchuka kwambiri pa mndandanda wa American Film Institute, 6 anali ndi zipsera kapena vuto lina la khungu loonekera, ndipo Vader anali m'gulumo. Chaka chotsatira, mu 2018, British Film Institute inalengeza kuti sidzaperekanso ndalama ku mafilimu amene amagwiritsa ntchito zipsera za kunkhope posonyeza kuipa, potsatira pempho la bungwe la Changing Faces.

Mu Dune ya David Lynch ya 1984, Baron Harkonnen anamudzaza zithupsa kumaso kuti tinyansidwe naye. Mu The Matrix Reloaded ya 2003 munali mapasa akupha, oyera khungu, tsitsi ndi zovala zomwe, amene amasanduka ngati mizukwa, ndipo oimira anthu achialubino anadandaula. Kwa ife ku Malawi dandaulo limeneli si lakutali. Kuyambira cha m'ma 2014 tinaona abale athu achialubino akubedwa, kuphedwa, manda awo kufukulidwa. Sindikunena kuti mafilimu ndi amene anachititsa zimenezo, gwero lake ndi zikhulupiriro zabodza ndi dyera la chuma. Koma bodza lakuti munthu wa khungu lotere si munthu weniweni, ndi mzukwa, ndi lomwelo kulikonse, ndipo silifunika wina wolithirira manyowa.

Killmonger wa mu Black Panther ya 2018 amandisiya pakati. Thupi lake lonse ndi timabala totukuka, kalikonse kuimira munthu amene anamupha. Anadzitema yekha, choncho timabalato tikunena za zochita zake, ndipo filimu imamupatsa chifukwa chomveka cha mkwiyo wake. Komabe agogo athu aakazi anali ndi mphini kumaso ndi pathupi monga chokongoletsa, ena monga mankhwala. Kuona mphini zitasanduka kaundula wa anthu ophedwa kumandilasa penapake.

Nanga mitundu ya anthu?

Chitsanzo chakale ndi Ming the Merciless wa mu Flash Gordon, amene anayamba m'nthabwala zojambula za m'nyuzipepala mu 1934 n'kulowa m'mafilimu mu 1936. Ndi mfumu ya dziko la m'mlengalenga lotchedwa Mongo, koma dzina, maso, ndevu zazitali ndi mikanjo yake zonse zinatengedwa ku mmene azungu a nthawi imeneyo ankajambulira anthu a ku China powaopa ndi kuwanyoza. Amene ankamusewera anali azungu odzozedwa nkhope.

Chitsanzo cha pafupi ndi District 9 ya Neill Blomkamp, ya 2009, imene inajambulidwa ku Chiawelo ku Soweto. Filimuyi inachita chinthu chanzeru. Zolengedwa za m'mlengalenga inazipanga zonyansa, zonga tizilombo, zikutoleza m'zinyalala, kuti woonera ayambe wanyansidwa nazo monga amachitira anthu a m'filimumo. Kenako pang'onopang'ono imakuonetsa maso a bambo ndi kamwana kake, maso aakulu onga a munthu, mpaka uyambe kuchita manyazi ndi kunyansidwa kwako. Oipa enieni ndi a kampani ya MNU: magalimoto ankhondo oyera, mafomu osamutsira anthu, ndi kalaliki womwetulira wovala juzi yopanda manja. Dzina la filimuyi limakumbutsa District Six ku Cape Town, kumene boma la tsankho linasamutsa anthu mokakamiza. Ndipo inatuluka patangotha chaka chimodzi chichitikireni ziwawa zothamangitsa alendo za mu Meyi 2008, zimene zinabweza Amalawi ambiri kumudzi ali manja lende.

Koma filimu yomweyo inagwera m'dzenje limene inkachenjeza ena. Zigawenga zake ndi anthu a ku Nigeria, ojambulidwa ndi zithumwa, asing'anga, ndi kudya nyama ya zolengedwazo pofuna mphamvu. Mtsogoleri wawo, Obesandjo, amene dzina lake likufanana ndi la mtsogoleri wakale wa dzikolo Olusegun Obasanjo, anamusewera Mmalawi mnzathu Eugene Khumbanyiwa, ndipo anasewera mwaluso moti sungamuiwale. Boma la Nigeria, kudzera mwa nduna yofalitsa nkhani Dora Akunyili, linapempha nyumba zoonetsera mafilimu kuti zisiye kuionetsa. Ine ndimaikonda filimuyi, ndiponso ndimaona kuti a ku Nigeria anali ndi chifukwa chokwiyira. Zolengedwa zongopeka zinapatsidwa maso a umunthu, koma Aafirika anzathu ochokera dziko lina sanapatsidwe.

Kodi kompyuta inasintha zinthu?

Inachotsa malire. Munthu wachitsulo chosungunuka wa 1991 sakanatheka ndi mphira ndi guluu. Koma malire aja ankathandizanso. Chovala choyamba cha chilombo cha mu Predator ya 1987 chinakanika m'nkhalango moti anachitaya, Stan Winston n'kupanga china, ndipo mbali yaikulu ya filimuyo chilombocho sichioneka, mumangoona masamba akuchita ngati akuwiruka. Masiku ano, poti chilichonse n'chotheka, adani ambiri amadzazidwa minga, mano ndi timagetsi mpaka diso kusowa pogwira. Mukatuluka simungathe kumujambula papepala.

Ndikufuna kupanga filimu yotere koma ndalama ndilibe. Ndiyambire pati?

Yambani ndi funso lakuti anthu amene adzaonere amaopa chiyani kale, chifukwa ndi mmene anachitira Mollo ndi chipewa chake cha asilikali. Musakopere Vader. Mantha a ana a asilikali a 1945 si athu. Athu ali pafupi: munthu amene ali ndi kiyi wa madzi, amene ali ndi chidindo, mawu a pa foni amene amakuuzani mwaulemu kuti ndalama zanu zapita.

Kenako sankhani chinthu chimodzi chokha chimene mwana angajambule ndi makala pakhoma. HAL ndi galasi limodzi la kamera ndi kagetsi kofiira. Loboti yooneka ngati munthu ya mu Alien, yotchedwa Ash, imadziwika kuti si munthu pamene madzi oyera ngati mkaka ayamba kutsika pachipumi pake m'malo mwa magazi. Chigoba cha owotcherera zitsulo, ovolosi yochapa bwino mopitirira muyeso, magolovesi a m'chipatala, zonsezi zimapezeka mumsika wa ku Limbe kapena ku Lilongwe. Thupi la wosewera wanu lisiyeni mmene lilili, musakafune wa chipsera kapena wolumala kuti aopseze anthu.

Ndipo gwiritsani ntchito mdima umene tili nawo kale. Tangoganizani tauni yonse magetsi atazima, agalu akuuwa, anthu akuunikira njira ndi mafoni. Pamwamba pa phiri pali nyumba imodzi yokha imene ikuwala mawindo onse, popanda phokoso la jenereta. Pawindo lina paima munthu, manja kumbuyo, akuyang'ana kumunsi. Ikani kamera pansi pa msewu, pakati pa anthu onyamula zidebe, ndipo muisiye pamenepo kwa masekondi 10 asanatembenuke.